Manja a Namakoswe

Anthu a mumsewu wawo ankamutcha Namakoswe, ndipo iye anakana dzinalo mpaka kutopa, kenako n'kuyamba kuvomera. Ntchito yake inali yosamalira makoswe oyera pamalo ena ofufuzira mankhwala. Ankawapatsa chakudya ndi madzi, kusintha utuchi m'timabokosi tawo, ndi kuwagwira a Dokotala akafuna kuwayeza. Khoswe wa kuntchito ankagona pofunda ngati bwana, pomwe wa kunyumba ankamutchera msampha kuseri kwa kabati. Nkhani imeneyi sinkamulowa bwino m'mutu, choncho anangoisiya.

Amuna ake, a Telala, ndiye sankaisiya. "Mayi," ankatero, "mukawauze abale anu a kuntchito aja kuti msuweni wawo wandidyeranso ulusi."

Ankaseka, koma m'nyumbamo kuseka kunali kutachepa. A Telala anali ndi matenda a shuga, ndipo pansi pa phazi lawo, lomwe lija lopondera makina osokera, panali chilonda chokana kupola. Makinawo anali atavundikiridwa ndi nsalu pakona. Kuchipatala mawu akuti kudula anali atatchulidwa kale, motsitsa mawu, ngati kuti phazilo lingamve. M'mawa uliwonse Namakoswe ankagwada ndi beseni, kutsuka chilondacho ndi madzi ofunda amchere, n'kuchipukuta ndi kansalu koyera.

Ndiye tangoganizani, kuntchito nako anayamba kuyesa mafuta opoletsa zilonda za anthu a shuga. Makoswe anawabaya jakisoni wowadwalitsa shuga, n'kuwagonetsa tulo, aliyense n'kumucheka pamsana kabala kofanana ndi batani la malaya. Ena ankapakidwa mafuta enieni, ena mafuta opanda mankhwala. Timachubu take tinali tofanana, ndipo Namakoswe sanauzidwe kuti kenikeni ndi kati.

A Dokotala, mayi wowonda woyenda ndi magalasi pachipumi n'kumawafunafuna m'matumba, anamupatsa lamulo limodzi. "Chimene mwachita kwa mmodzi, muchite kwa onse. Chimene sitinakuuzeni, musachite kwa aliyense."

Patapita masiku, mabala a makoswe a pa shelefu ya pansi anayamba kuchucha. Namakoswe atawerama kuti asinthe utuchi, fungo linamumenya m'mphuno, ndipo analidziwa. Linali fungo la kuchipinda kwake, la bandeji ya a Telala. Khoswe wina wong'ambika khutu anali atadzipinda pakona, akunjenjemera, chakudya osachiyang'ana n'komwe. Mtima unamupweteka mayiyo. Manja ake anadziwa okha chochita, poti ankachichita tsiku lililonse asanamwe ndi tiyi yemwe.

Anayamba kumalawirira anzake asanafike. Ankafunditsa madzi mu ketulo ya ogwira ntchito, kuthiramo mchere, n'kutsuka mabala a pa shelefu ya pansi ndi thonje. A m'mwamba sankawakhudza, chifukwa awo ankaoneka kuti akuuma okha. Lamulo ankalikumbukira ndithu, koma ankadziuza kuti madzi si mankhwala. Kodi munthu angalakwe potsuka bala? Wong'ambika khutu uja anayamba kudya, n'kumakwera pa dzanja lake ngati pakhomo pake.

Tsiku lomaliza kuyeza, a Dokotala anaimirira pakati pa chipinda, magalasi ali pachipumi, nkhope itagwa.

"Sindikumvetsa, mayi," anatero. "A pansiwa ndi amene sanalandire mankhwala. Koma onani, apola chimodzimodzi ndi a m'mwamba. Ndiye kuti mafutawa sakuchita kanthu. Ine ndinali ndi chikhulupiriro, koma makoswe sanama. Tiwasiya."

Namakoswe anavula gawuni n'kuweruka. M'basi pobwerera mutu unali wiriwiri. Ngati madzi amchere apoletsa makoswe, bwanji phazi la amuna ake likukana? Ngati mafuta aja ndi abwino, ndiye kuti iye wawataya ndi manja ake omwe? Nanga ngati ndi achabechabe, a m'mwamba aja apola ndi chiyani? Akakhala chete, mafuta apita kudzala. Akaulula, abwera makoswe ena, adwalitsidwe, achekedwe, iye atawagwira. Anapitirira pamalo potsikira osazindikira, n'kubwerera wapansi.

Madzulo, akusintha bandeji, anafunsa mozungulira. "Bambo, inu mukuona bwanji? Kuvulaza kanyama dala kuti munthu achire, n'chilungamo?"

A Telala anakanda chibwano. "Ine nsalu ya kasitomala sindiyamba ndaisoka ndisanayese singano pa kachigamba."

"Kachigamba sikanjenjemera, bambo."

"Zoona," anavomera. Anayang'ana phazi lawo nthawi yaitali. "Komatu ine ndimanjenjemera."

Namakoswe anafuna kukwiya, koma sanapeze womukwiyira.

M'mawa mwake anagogoda pa ofesi ya a Dokotala n'kunena zonse, za ketulo, za mchere, za thonje. Ankayembekeza kukalipiridwa, mwinanso kuuzidwa kuti avule gawuni apite kwawo. A Dokotala anangotsitsa magalasi, n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa gawuni yawo.

"Ndiye mafutawo ndi abwino?" anafunsa Namakoswe.

"Sindikudziwa, mayi. Dzulo ndimaganiza kuti ndikudziwa. Lero sindikudziwa chilichonse."

"Nanga awa apolawa? Sangakhale ndi moyo?"

"Shuga tinawapatsa uja sachoka. Mukudziwa mmene zimathera." Mawu awo anatsika. "Mukuganiza kuti ine ndimagona bwino? Chimene chimandigonetsa n'choti aliyense wa iwo watiuzako kanthu asanafe. Awa sanatiuze kanthu."

Sanamuchotse ntchito. Anati manja odziwa kugwira khoswe osamuopseza ndi osowa. Wong'ambika khutu uja Namakoswe anamunyamula yekha kupita naye kuchipinda chowagonetsera tulo tosadzuka, bala lake litapola bwinobwino, ubweya utayamba kumera. Pobwerera analowa m'bafa n'kulira, osadziwa ngati akulirira khosweyo, amuna ake, kapena uchitsiru wake.

Makoswe atsopano anafika m'mabokosi oboolaboola, ang'onoang'ono, mphuno zili fwenkhufwenkhu, ochuluka ngati oyamba aja. Zonse zinayambiranso pachiyambi, jakisoni, tulo, kabala ka batani. Ulendo uno a Dokotala anawasakaniza m'mashelefu onse. Fungo lija litabweranso, Namakoswe anasintha utuchi, anathira madzi akumwa, n'kupisa manja m'matumba a gawuni. Ankawafinya m'menemo mpaka zikhadabo kulowa m'khungu.

Kunyumba chilonda chinali chitakula, m'mbali mwake mutayamba kuda. Kuchipatala anali atasiya kutsitsa mawu. A Telala anaika phazi m'beseni n'kufunsa mwanthabwala, monga mwa masiku onse.

"Abale anu aja akuti bwanji? Mafuta athu afika pati?"

"Ayambiranso, bambo. Mayeso oyamba aja anasokonekera."

"Anasokonekera bwanji?"

"Wina anawamvera chisoni makoswe."

A Telala anaseka pang'ono, kenako kuseka kunazima. Anayang'ana makina awo pakona paja.

"Ameneyo Mulungu amudalitse, ali ndi mtima wabwino," anatero. "Kungoti mukamuona mumuuze kuti phazi langa silidikira."

Namakoswe anafinya kansalu, n'kuyamba kutsuka.