Tsiku Limene Ndege Inachokera Kum'mwera

Mayi Setsuko anafika pa bwalo la ndege la pa chisumbu chathu cha Kita-Daito ali wefuwefu, kachikwama m'manja. Ine ndinali pa kauntala ya matikiti.

"Mieko mwanawe, ndipatse mpando wa kum'mwera. Achimwene anga a Seitoku atsala madzi amodzi."

Mtima wanga unangoti myuu. Chisumbu cha kum'mwera timachiona tikaima panja, makilomita khumi ndi atatu okha, ndipo ndege inkatera switi isanasungunuke m'kamwa. Koma nthawi imeneyo inkayenda mozungulira. Masiku ena ikachoka ku mzinda waukulu wa Naha inkayamba kwathu kenako kum'mwera, masiku ena inkayamba kum'mwera. Ngakhale mwana ankadziwa zimenezi, koma mantha anawasokoneza mayiwa.

"Mayi, lero ikuchokera komweko. Ikanyamuka pano ndi ya ku Naha."

"Nanga maboti?"

"Nyanja yakalipa. Palibe msodzi angatsitse boti."

"Ndiye ndipite ku Naha, ola lathunthu, ndikagone, mawa ola linanso kubwerera? Chonsecho utsi wa fakitale yawo ya shuga ndikuuona ndi maso angawa?"

Anagula tikiti ya ku Naha n'kukakhala pa benchi. Ankaimba foni kwa achimwene awowo koma palibe ankayankha. Kunena zoona ndinapsa mtima ndi amene anakonza kayendedwe kameneka, kaya ndani, ali phee mu ofesi kutali. Kuti a Seitoku angadikire mawa, sindinakhulupirire. Ndipo tonse tinkadziwa kuti mkuluyo anakana chipatala cha ku Naha kwamtuwagalu, ati adzafera m'nyumba mwake, pakati pa nzimbe zake.

Ndege inatera. Opitirira ku Naha ankatsika kaye kudikira m'chipinda chathu. Womaliza kulowa anali bambo wowonda pa njinga ya odwala, atafunda bulangete, mwana wake wamkazi akukankha.

Mayi Setsuko anaimirira pang'onopang'ono.

"Achimwene, mwatani?"

"Ndinadziwa kuti usokoneza masiku, iwe," anatero a Seitoku, mawu akumveka pansipansi. "Unabadwa choncho."

"Azakhali, anangoti tiwanyamule," anatero mwanayo, misozi ili mbwembwembwe. "Adokotala sanavute, paja akhala akuwachonderera kuti apite kuchipatala ku Naha."

"Koma ndegeyi sibwerera kwanu, achimwene. Mukudziwa?"

"Ndikudziwa. Takhala pansi ndikuone."

Anagwada pambali pa njingayo, nawagwira dzanja. Anthu onse m'chipindamo anayang'ana kumbali, ena kumaonetsa ngati akuwerenga matikiti awo. Ine ndinapempha mkulu wina wamalonda kuti asinthane mpando ndi Mayi Setsuko, ndipo sanafunse chifukwa. Ndinalira, sindibisa, uku ndikulemba nambala yatsopano.

A Seitoku anamwalira sabata yomweyo ku Naha, m'chipatala chomwe ankachikana, mlongo wawo ali pambali.