Mthunzi wa Mphini

Nkhondo itafika povuta ku Chipera, Zeferina anathawa wapansi mpaka ku Fingoe ali woyembekezera. Chichokereni kwawo, mwana sanagundenso m'mimba. Mwamwayi, kuchipatala kunali dotolo wachizimayi amene anabwera pa ndege ndi makina oonera m'mimba.

Dotoloyo anamupaka mafuta pamimba n'kuikapo kachipangizo. Pagalasi panaoneka mutu wa mwana, koma poyenera kukhala chifuwa panali mzere wakuda bii kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zeferina anagwira mkono wa enfermera, namwino amene ankamasulira.

"Achemwali, musandibisire. Wafa?"

"Tadikirani, mayi."

Dotolo anachotsa kachipangizo kaja n'kupapasa khungu. Pansi pa mchombo panali mphini zotupa zimene apongozi a Zeferina anamutema pomanga mimbayo, poti ina inapita padera. Dotoloyo anayankhula Chipwitikizi, enfermera n'kumwetulira.

"Akuti makinawa amaona ndi mawu obwerera, monga muja limayankhira phanga munthu akakuwa. Pakati pa mphinizi pakutsalira mpweya, ndiye mawuwo sakulowa. Chakudacho ndi mthunzi chabe. Apongozi anuwo anatseka khomo zenizeni, ndi dotolo yemwe akukanika kulowa."

Dotolo anamugoneka chammbali n'kuthira mafuta ambiri posalala. Mdima uja unachoka, ndipo panaoneka kanthu ngati nyemba kakuphethira msangamsanga.

"Mtima wake ndi umenewo," anatero enfermera.

Zeferina anawomba m'manja chigonere, misozi ikutsikira m'khutu.

"Zikomo, amayi dotolo. Achemwali, auzeni asachotse msanga, ndimuonebe."