Kamera Itagwa pa Udzu

Wokonza filimuyo analephera kukhala pansi. Anatseka katani. Anatsegulanso. Mpando anausuntha kawiri. Bambo ake, msilikali wopuma ntchito, anangoti phee patsogolo pa kompyuta, ndodo ili pakati pa miyendo.

Filimu yake inali ya nkhondo. Anaipanga ngati zithunzi zopezeka m'kamera ya msilikali amene sanabwerere kwawo. Chotsala chinali mawu otsegulira, ndipo ankafuna akhale a bambo akewo. Iwo anali ataneneratu: "Ndione kaye. Ikanama, ine pakamwa tseke."

Inayamba. Chithunzi chikugwedezeka. Wefuwefu wa munthu wothamanga. Nsapato, matope, thambo, matope. Mfuti italira, bambowo anabisa mutu, ndodo n'kugwa.

"Apa wakhoza, mwana iwe," anatero akuitola. "Kumeneko wokuwombera sumuona. Umangomva."

Mtima wa mwanayo unayamba kutsika.

Kenako m'filimumo mnzake wa mwini kamera anagwa atagwira pamimba. Kamera inayandikira. Nkhope yonse, thukuta, mano. Mphindi yathunthu.

"Imitsa. Wagwira kamerayi ndi ndani wake?"

"Mnzake wapamtima, adadi."

"Ali ndi manja angati? Mnzako akutha magazi, iwe uli kalikiliki kumujambula mano? Chinthucho umataya. Umamunyamula."

"Akataya, anthu aona chiyani? Filimu yotere ili ndi diso limodzi. Likatsinzina, basi yatha."

"Ndiye ithe. Kodi galasi langa la madzi lili kuti?"

Mwanayo anapita pawindo, n'kubwerera. Gawo limenelo analijambula masiku atatu, ndipo ndi limene ankalinyadira. Anadziluma chala. Anapitanso pawindo.

Ndiye anakumbukira. Tsiku lachiwiri wojambula wake anapunthwa pa muzu, kamera n'kugwera pa udzu ikadali yoyaka. Osewera sanazindikire, anapitiriza. Iye anakalipa tsiku lonse, zithunzizo n'kuziponya m'gulu la zotaya.

Anazifufuza. Anazilowetsa pamalo pa nkhope ija.

Udzu wopendekeka. Nyerere ikukwera tsamba. Chapatali, munthu akukokedwa pansi. Mawu osasa: "Gwira khosi langa, aise. Gwira! Usagone."

Nyerere inafika kunsonga, n'kubwerera.

Bambowo sanaphethire. Chithunzi chitada anakhalabe choncho, chala chikusisita mutu wa ndodo.

"Adadi?"

Anatsokomola. Anakonza kolala ya shati.

"Maikolofoni yako ija ili kuti? Bweretsa msanga, ndisanasinthe maganizo."