Desiki Yaitali ya Kumbuyo kwa Kalasi

Nkhani iyi ndinaimva kwa Pyo Gil-nam, mkulu wina wa mumzinda wa Daegu amene ankayendetsa kabasi konyamula ana kupita ku makalasi apadera akaweruka kusukulu. Ndinakhala naye nyumba imodzi nyengo ina yozizira, mapazi anga asanayambenso kuyabwa. Ankati zinagwera amake Bo-reum, mayi wosoka zovala, chaka chimene mwana wawo ankakonzekera mayeso olowera ku yunivesite.

Kumbuyo kwa kalasi ya Bo-reum kunali desiki yaitali yopanda mpando. Mwana akayamba kusinza amanyamula buku n'kukaima pamenepo mpaka m'maso mutayera. Anzake ankaimapo pang'ono n'kubwerera m'malo mwawo. Bo-reum anachita kusamukirapo.

Amake ankanyadira. Paja amati wogona mokwanira chaka cha mayeso walephera kale. Mwana akafika kunyumba ankamulowetsera mbale kuchipinda: nkhuku yokazinga, mabanzi otsekemera, khofi wa m'chitini. Pakamwa pakamatafuna, maso satseka. Siketi ya yunifolomu itayamba kuthina anasuntha batani. Kenako anaphatikiza kansalu m'mbali. Kenako anangosoka ina.

Tsiku lina ali pawindo anamva atsikana akuseka m'kabasi.

"Bo-reum, khala pakati iwe, galimoto ingapendekeke."

"Musiyeni. Mimba imodzi singathe zonse zija, alipo amene amamuthandiza."

Lamlungu masana, amake akumuyesa m'chiuno kuti asokenso, anaona m'munsi mwa maso a mwanayo muli bii.

"Kagoneko pang'ono," anatero. "Lero ndakuloleza."

"Sindingathe, amayi. Ndinapereka."

"Unapereka chiyani?"

"Tulo. Pa desiki paja timaima awiri. Mnzangayo ndi woonda, yunifolomu yake ndi yakale, ya kolala yoyera yaikulu. Anandiuza kuti, 'Iwe tulo tako sukutigwiritsa ntchito, bwanji undipatse ine? Ndaima pano kuyambira kalekale.' Ndiye ndinavomera. Tsopano ndikagona ndimangoyang'ana denga. Chimene chimabwera ndi njala basi."

Anayankhula ngati akunena za pensulo imene wabwereka mnzake.

Amake Bo-reum anachotsa mapini pakamwa pang'onopang'ono. Kolala imeneyo ankaidziwa, nawonso anaivalapo pasukulu yomweyo. Ankadziwanso Sun-rye, mtsikana wa m'kalasi mwawo amene aphunzitsi ankamuloza kuti ndiye chitsanzo, chifukwa sankagona. Ankawerenga ataima kumbuyo, mpaka m'mawa wina anagwa buku lili m'manja, osadzukanso.

Kutacha anapita kusukulu nthawi ya chakudya chamasana, ana onse ali kodyera. M'kalasi munali zii. Anakaima pa desiki yaitaliyo. Dzuwa linali kuwomba pomwepo, koma mkono wawo wakumanzere unazizira ngati wagunda chitsulo.

"Sun-rye," anatero chapansipansi, "ndine Mal-suk, ndinkakhala chapawindo apo. Mwana ujatu ndi wanga. Ndinamukankhira kuno ndine. Ngati nkhani ndi tulo, tenga tanga, take umubwezere."

Anangomva paphewa kulemera, monga mmene munthu wotopa amatsamirira mnzake m'sitima.

Kuyambira tsiku limenelo tulo tinawathawa. Koma mwananso sanagone. Anapitiriza kudya, kuwerenga, kupuma mwawefuwefu pokwera masitepe. Amake anayamba kuganiza kuti apereka pachabe.

Linafika tsiku la mayeso, tsiku limene ngakhale ndege zimadikira osauluka, kuti phokoso lisasokoneze ana pomvetsera mafunso. Amake analawirira kukonza makeke a mpunga omata, kuti mwana akamatirire pa yunivesite. Msuzi wa ndere za m'nyanja unali usanaphikidwe m'nyumbamo mwezi wonse, poti ndi woterera, ungam'gwetse mwana pamayeso.

Atatembenuka kuti apereke tiyi, anapeza Bo-reum wagoneka tsaya patebulo. Keke inali m'manja, yosaluma. Ankapuma mofatsa, kukamwa kuli yasa, ngati khanda lokhuta bere.

Dzanja la amake linaima m'malere, pamwamba pa phewa la mwanayo. Mayeso amabwera kamodzi pachaka, ndipo geti la kolembera akatseka watseka. Zaka zonse zija, masiketi onse aja, zinali za m'mawa umenewu. Koma chinthu chimene wakufa wabweza, ukachikana, amabwezanso kachiwiri?

Panja panalira hutala. Anali Pyo, amene tsikulo ankaperekeza ana kumalo olembera. Amake Bo-reum anatsika atavala masilipasi.

"Amake Bo-reum, nthawitu yatha," anatero Pyo. "Tikachedwa, ngakhale wapolisi wa njinga yamoto wothamangitsa ochedwa sakamufikitsa."

"Pitani nawo enawo, bambo. Wanga wagona."

"Wadwala?"

"Ayi. Wagona."

Mtsikana wina m'kabasi anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya mayiwo anayang'ana pansi.

Amake Bo-reum anakwera kubwerera m'nyumba, namufunda mwanayo bulangete pomwepo patebulo, natseka makatani. Kenako ananyika ndere m'madzi n'kuphika msuzi uja, womwenso amaphikira mayi amene wangobereka kumene. Anakhala pambali akuyang'ana msana wa mwana wawo ukukwera n'kutsika.

Bo-reum anadzuka tsiku lotsatira, nalira kwambiri, namwa msuziwo. Mayeso analemba chaka chinacho. Pyo ankati pofika nthawi imeneyo amake anali atabweza kale masiketi onse m'chiuno, koma makina awo osokera sankaleka kulira, ndipo anthu oyandikana nawo anasiya kudandaula chifukwa chozolowera.

Ine za Sun-rye sindizikhulupirira kwenikweni. Mwana wosagona amaona zambiri, mayi wodziimba mlandu amamva zambiri, ndipo Pyo mwiniyo anangoona mayi wa masilipasi pageti, zinazo anachita kuuzidwa. Ndinapitako kwa amake Bo-reum kukasoketsa thumba la jekete langa. Ndinapeza mayi wofatsa, wa maso ofiira, amene ankasoka phewa lakumanzere litatsika pang'ono. Atelala ambiri amatero. Sindinafunse.