Mwini Mbumba Amene Adakhalira Uthenga

Wotumidwa uthenga wa moyo saukhalira, ndipo munthu wamkulu sanama pamaso pa mlongo wake. A Stanley Chimphonda, mkulu wa mpingo wa ku Nsaru, adaswa malamulo onse awiri, ndipo lachiwirilo adaliswera pa benchi la chipatala chachikulu cha mumzinda.

Mwezi wapitawo adagwa pa ngolo ya mabelo a fodya n'kumenyetsa mutu pansi. Adokotala adati ubongo udagwedezeka, ndipo adalamula kuti adzabwerenso kudzayezedwa ngati nzeru zabwerera m'malo mwake. Tsiku lobwereralo, amene adawaperekeza ndi mlongo wawo Evelyn. Ali pamzere, namwino wina wachikulire adaima patsogolo pawo.

"Kodi si inu achimwene a malemu Nelia, amene tinkawasamalira chaka chatha? Nanga azilongo anu aja mudawabweretsa?"

"Kutibweretsa kudzatani?" adafunsa Evelyn.

"Iwowa akudziwa, mayi. Adokotala adawauza kuti khansa ya bere imene idatenga Nelia, poti idatenganso mayi anu ndi ang'ono awo, ikhoza kukhala yoyenda m'magazi a mtundu. Adati akazi onse a mbumba yanu abwere kudzayezedwa msanga."

A Stanley adasisita chipsera cha pamphumi. "Mwina adanenadi. Chigwereni pa ngolo paja, zambiri zidandithawa m'mutu."

Dzina la a Stanley litaitanidwa, Evelyn adalowa nawo m'chipinda.

Adokotala adawaunikira m'maso ndi tochi, adawauza kuti atsate chala ndi maso okha, adawayendetsa mowongoka chidendene chikukhudza chala chachikulu. Kenaka adawatchulira mawu angapo oti awasunge, n'kuyamba kuwafunsa za mvula ndi za mtengo wa feteleza. A Stanley, amene chiyambire sukulu ya mishoni sadalolepo kulephera mayeso, adayankha zonse mwachangu, ndipo mawu aja adawabwereza osaphonya.

"Adokotala, ndifunseko langa," adatero Evelyn. "Achimwene, pamaliro a Nelia abusa adawerenga mawu a pati?"

A Stanley adatchula buku, mutu ndi ndime yomwe. Atatseka pakamwa ndi pamene adazindikira dzenje limene adagweramo.

"Mwachira, bambo," adaseka adokotala. "Zakale ndi zatsopano zomwe mukukumbukira kuposa ine."

Panja, pansi pa mtengo wa mkesha, Evelyn adaima.

"Ngolo idakugwetsani mwezi watha, achimwene. Uthenga mudaulandira chaka chatha. Pakati ponsepa idakugwetsani ngolo iti?"

"Ndikadayambira pati, achemwali? Mwamuna angatchule za pachifuwa pa mlongo wake? Ndiponso Zione, mwana wa malemu, ali pafupi ndi chinkhoswe. Akuchimuna akamva kuti mtundu wathu uli ndi nthenda, adzabwerera panjira."

"Manyazi adapha lambe," adatero Evelyn motsitsa mawu. "Ine ndili ndi chotupa kuno kumanzere chiyambire nyengo yokolola. Ndakhala ndikuthowa ndi madzi ofunda poyesa kuti n'chithupsa chokana kupsa. Inu kwerani minibasi, mutu wanu wachira. Ine ndikubwerera kwa anamwino aja."

A Stanley sadakwere. Adakhala pa benchi lomwe lija mpaka mlongo wawo adatuluka, anamwino atamuchotsa kanyama koti akakayeze ndi kumuuza kuti adikire zotsatira. Kenaka awiriwo adabwerera ku Nsaru.

Ulemu wa pakati pa mlongo ndi mlongo ndi chinthu chabwino, ndipo palibe wanzeru angaunyoze. Koma makolo adaika mwini mbumba kuti asunge anthu, osati kuti asunge nkhope yake. Ngati lilime lidawalemera a Stanley, akazi awo adalipo, amayi a chigwirizano adalipo. A Stanley adadziwa zimenezi, pakuti iwo omwe ndiwo ankaphunzitsa ena.

Loweruka lotsekulira chiliza cha Nelia lidafika zotsatira zisadatuluke. Kudabwera mbumba yonse, mpingo, ndiponso akuchimuna a Zione, amene adakhala pampando wa alendo. Mapemphero atatha, wapampando adaitana mwini mbumba kuti athokoze anthu. A Stanley adaimirira atagwira chipewa ndi manja awiri.

"Atsibweni, khalani pansi mulankhule muli chikhalire, mutu uja ungazungulire," adatero Zione.

"Mutu uli bwino, mwana wanga. Chodwala ndi china."

Adatembenukira kumene kudakhala amayi, koma maso ali pansi.

"Azilongo anga, ana anga, ndi inu akumpingo, ine ndakulakwirani. Nelia atamwalira, adokotala adandituma kwa inu. Adati nthenda idamupha ija ndi khansa ya bere, ndipo mwina imayenda m'mtundu mwathu, choncho mkazi aliyense wa mbumba ino akayezedwe isadakule. Ine ndidaukhalira uthengawo. Ndidachita manyazi kutchula liwu limene ndatchulali, ndipo ndidaopa kuti chinkhoswe cha Zione chisokonekera. Atandifunsa, ndidanamizira ngolo. Lero mlongo wanga Evelyn ali ndi chotupa chimene chikadaonedwa kale, ndipo ngati tachedwa, wochedwetsa ndine. Inu akuchimuna, mwamva nokha, muganize mukudziwa. Mpingo undiweruze monga ndakhala ndikuweruzira ena. Koma Lolemba m'mawa ndidzaima pa siteji ya Nsaru, ndipo sindidzachokapo mpaka womaliza wa inu akazi a mbumba ino atakwera minibasi ya kuchipatala."