Dzanja la M'jumbo

Gululo linkakwera phiri Loweruka lililonse, ati kusungunula mafuta ndi nkhawa. Anali anthu a m'maofesi, ovala nsapato za mano kunsi, aliyense botolo la madzi m'chiuno ndi wotchi yomvera kugunda kwa mtima pamkono. Ndiye taganizani tsiku limene kunatulukira mayi wachikulire, atavala juzi yachimuna ndi nsapato zakutha zidendene, ambulera m'manja m'malo mwa ndodo. Basi yopita kuphiriko isananyamuke n'komwe, dzina anali atawapatsa kale: a Ambulera.

"Adokotala ndiwo akutumani, mayi? Ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi?" anafunsa wotsogolera gulu, mtsikana wamtali wa wezulo m'khosi.

"Mawondo," anayankha mayiwo. Bodza la masanasana. Wodwala mawondo n'kupita kuphiri?

Chimene chinawabweretsa chinali chigonere kuchipatala, pabedi la pakona moyandikana ndi zenera. Amuna awo anathera moyo wonse pa ntchito yokonza nsanja ya mawailesi pamwamba pa phiri lomwelo. Akatsika madzulo, mayiwo ankadziwa kuti afika asanagogode, chifukwa fungo linkayamba ndilo kulowa. Linali la kachitsamba kotuwa komera m'ming'alu ya miyala kumtunda kozizira, kamene bambowo ankadzaza m'matumba a jekete. "Abwana, msonkho wanu uwu," ankatero, poti chikwatiranireni mkazi wawo ankawatchula kuti abwana. Mayiwo ankakawiritsa ana akamatsokomola, kotsala n'kusokerera m'mapilo.

Kenako mutu wa bambowo unayamba kutaya zinthu. Unataya makiyi, unataya mayina a ana, ndipo chaka chino unataya mkazi. Mayiwo akawapukuta kumaso kapena kuwamwetsa tiyi, bambowo ankathokoza ngati akuthokoza mlendo: "Zikomo kwambiri, mayi. Mwatithandiza." Ulemu umenewo ndiwo unkabaya. Bola kukalipiridwa ndi munthu wokudziwa. Ana anali kutali, ankangoimba foni n'kumati limbani mtima amayi, ngati kuti mtima umalimbitsidwa ndi sipanala.

Ndiye mayiwo anaganiza kuti ngati maso aiwala, makutu aiwala, mwina mphuno ikadali ndi nzeru. Ankafuna bambowo awazindikire, ngakhale kamodzi kokha.

Anakwera ali kumbuyo kwenikweni. Enawo ankayenda awiriawiri, kudya miseche ya kuntchito, kujambulana pamwala uliwonse. Ankawadikira ndithu pokhota, koma mayiwo pofika n'kuti anzawo atapuma kale, wezulo n'kulira pomwepo. Ndiye kuti a Ambulera sanapume ulendo wonse. Nkhanza panalibe, tisawanamizire. Bambo wina wa chimimba anawapatsako switi, kungoti sanawafunse kuti kwanu n'kuti.

Mitengo inatha, kunatsala udzu waufupi, miyala ndi mphepo yolasa m'makutu. Fungo linawapeza asanakaone kachitsambako. Anaima chilili. Linali lomwe lija, la ndimu wosakaniza ndi utomoni, la jekete yokolekedwa kuseri kwa chitseko. Anacheuka kuti auze munthu, koma woti amuuze panalibe. Chapatali pang'ono nsanja inali njo, yofiira ndi yoyera. Zaka zonse zija bambowo ankachonderera kuti tiyeni mukaone kuntchito kwanga, iwo n'kumati zochapa zachuluka. Lero ndi apa afika, okha.

Wezulo inalira. "Tamverani nonse!" anatero mtsikana uja. "Kachitsamba aka ndi mankhwala a chifuwa ndi tulo, koma katsala pang'ono kutha, anthu anakazula mopanda chisoni. Kuthyola ayi, ngakhale tsamba limodzi. Sisitani ndi dzanja, tsinzinani, mukoke mpweya pang'onopang'ono. Basi."

M'thumba la juzi ya mayiwo munali jumbo yoti adzazemo masamba, ndipo inkasuzumira kunja moti mtsikanayo anali ataiona kale. Kuba sanabepo chibadwire, nanga akayambire kuphiri atakalamba? Anagwada pamwala wozizira. Anasisita kachitsambako ndi dzanja lamanja, m'kati, kunja, pakati pa zala, mpaka khungu linayamba kumata. Anzawo ali chitsinzinire kupuma mokoka, iwo analowetsa dzanjalo m'jumbo, n'kumanga pamkono ndi mano, pamwamba n'kukulunga mpango.

Kutsika phiri ndi dzanja limodzi si masewera, abale. Anaterereka kangapo n'kugwa chokhala, dzanja lamanja lili m'mwamba ngati mwana wasukulu wodziwa yankho. Ena anaseka mobisa. Pabasi anthu anagawana malalanje, iwo anakana chifukwa analibe chosendera.

"Mwavulala, a Ambulera?" anafunsa wa chimimba uja.

"Kachilonda chabe."

Zinathera pomwepo. Anakhala pazenera, mpando wa pambali pawo utanyamula chikwama cha munthu wina.

Kuchipatala anafika nthawi yoonera odwala itatsala pang'ono kutha. Pakhomo la wodi panali ndowa ya mpopi, sopo, ndi nesi wosadziwa kuseka.

"Manja onse awiri, mayi."

"Ili lili ndi bala, mwanangu."

Nesiyo anayang'ana mpango, anayang'ana matope pasiketi ndi njere za udzu pajuzi. Sanakhulupirire, zinkaoneka pankhope. Koma anapatuka, n'kuwalozera ndi chibwano kuti alowe.

Bambowo anali khale pabedi, akuyang'ana khoma. Mayiwo anamasula mpango ndi jumbo. Dzanja linali litatuwa n'kukwinyika ngati la munthu wochapa tsiku lonse. Analinunkhiza okha kaye ndipo anachita mantha: pulasitiki, thukuta, ndiye patalipatali kafungo kaja, kochepa zedi. Analifikitsabe pamphuno pa amuna awo.

Poyamba bambowo anabweza mutu. Kenako anagwira dzanjalo ndi manja awiri n'kukoka mpweya, ulendo wina, ulendo winanso. Nkhope ija imene inakhala ngati nyumba yosamukamo inayamba kudzaza.

"Mwachokera kumtunda," anatero.

"Ee."

"Kukuzizira?"

"Kwambiri."

"Nsanja ili chilili?"

"Ili chilili."

Bambowo anaseka kuseka kwawo kwakale, kogwedeza mapewa. Mayiwo anasendeza nkhope pafupi kuti aonedwe bwino, akudikira liwu limodzi lokha.

"Mayi," anatero bambowo motsitsa mawu, "ndikupempheni kanthu. Musasambe m'manja. Mupite kunyumba kwanga, kuseri kwa msika, chitseko chobiriwira. Mukawanunkhizitse abwana anga. Kachitsamba kameneka amakakonda zedi, koma kuphiri sanafikeko. Masiku ano amakhala okhaokha, ine ntchito yandichulukira."

Mayiwo anafuna kufuula kuti ndine, ndine ndemwe, koma maso a bambowo anali odzaza ndi nkhawa ya mkazi wosiyidwa kunyumba, ndipo nkhawa imeneyo sanaione kwa nthawi yaitali. Sanafune kuithamangitsa.

"Ndikawapeza," anatero.

"Muwauze kuti ndikubwera."

"Ndiwauza."

Belu linalira. Mayiwo anabwezera dzanja m'jumbo, ndipo bambowo ndiwo anamanga pamkono, mfundo yaukhondo ya munthu wozolowera zingwe, n'kuikoka kuti aone ngati yagwira. "Zikomo kwambiri, mayi," anatero. "Mwatithandiza."

Dzuwa linali lisanalowe pamene anadutsa kumsika, ogulitsa akulongedza katundu. Mawondo tsopano ankawawa zenizeni. Pachitseko chobiriwira anaima, kiyi ali m'dzanja lamanzere, ambulera m'khwapa. Anagogoda kaye, poti anali munthu wotumidwa. M'nyumba munali zii.

Anatsekula, anakhala pampando wa patebulo juzi ili m'thupi, n'kuyamba kulimbana ndi mfundo ija. Inali yolimba, moti inawatengera nthawi.