Magazi a Clive

Inali naini koloko m'mawa, ndipo mvula imene inayamba dzulo lake inali isanakate. Ku Kanyama madzi anali atameza njira zonse, anthu nkumadumpha pa miyala. Fanwell analephera kupita kuganyu kumafakitale a ku Heavy Industrial. Virginia, mkazi wake, ankakapa madzi pakhomo pamene Ennie anatulukira, nsapato zili m'manja.

Ennie anali mkulu wake wa malemu Ndaona, mkazi woyamba wa Fanwell. Ndaona anasiya mwana wamwamuna, Clive, ndipo Virginia analowa m'banjamo ndi wake wamkazi, Tiwo. Ana awiriwo anali a zaka khumi ndi ziwiri. Podziwa zimene anthu amanena za mayi wopeza, Virginia ankawapakulira m'mbale imodzi, pabwalo, aliyense akuona.

Mwezi wathawo anthu ofufuza anatenga magazi a ana ambiri kukiliniki. Zotsatira zitabwera, namwino anamukhazika Virginia pansi. Anati m'masamba ndi m'nyemba muli vitamini wotchedwa foleti, amene thupi limagwiritsa ntchito pochepetsa chinthu china m'magazi, homosisteyini. Kwa Tiwo zonse zinali bwino. Kwa Clive homosisteyini anali wokwera, chifukwa thupi lake siligwira bwino foleti. Anabadwa nazo, mbali ina kwa bambo, ina kwa mayi. Ndiponso pamsinkhu umenewu anyamata amayamba kukhala naye wokwererapo kuposa atsikana. Si matenda ogoneka munthu lero, anatero, koma mwanayo azidya bonongwe ndi nyemba zochuluka.

Clive anangotolapo mawu oti "azidya zochuluka", ndipo mawu amenewo ndi amene anakafika ku Marapodi, kwa Ennie.

"Bamake Tiwo," anatero Ennie, osakhala nkomwe pansi, "mashini yakugwirani. Wanu ali bwino, wa Ndaona ali na njala mu magazi."

"Badyera mbale imodzi, ba Ennie. Funsani aliyense."

"Mbale imodzi ya pabwalo. Nanga ya mukati?"

Fanwell anatsokomola ali pampando. "Bamulamu, khalani pansi. Uyu mukazi asunga bwino mwana, ine niona."

"Imwe muona chani? Muchoka na mudima, mubwera na mudima."

Virginia anayang'ana kuseri kwa katani, kumene miyendo inayi ya ana inkaonekera pansi. Choonadi anali nacho, koma ankadziwa kulemera kwake. Akangokhala chete, ndiye kuti wavomera kuti amamana mwana. Akanena, ndiye kuti waloza chala kumanda. Anasankha kunena.

"Si vakudya. Ba nesi banakamba ati anabadwa navo. Vinachokera kuli makolo."

"Makolo ati?"

"Bonse babili. Bamake na batate bake."

Ennie anaika nsapato pansi pang'onopang'ono. "Munatenga nyumba yake, munatenga mwamuna wake. Manje mufuna kumupasa matenda ali mu manda? Bamulamu, mwamvera? Ati na imwe magazi yanu ni yoola."

"Sininakambe yoola."

Virginia anatembenukira kwa Fanwell. Bamboyo ankayang'ana beseni limene linkalandira madzi odontha kudenga.

"Kwathu ku Chipata kulibe matenda aya," anatero Fanwell motsitsa. "Ivi sunaniuzepo."

"Ninakuuzani. Munali olema."

"Tiyeni ku kiliniki," anayesanso Virginia, "mukamvere mweka."

"Na manzi aya?" Ennie anaseka. "Ninavomera liti kuti mwana wa Ndaona achosewe magazi? Ine nabwera kutenga mwana."

Fanwell sanakane. Anangoti adikire madzi aphwe, asukulu adziwitsidwe, Loweruka mwanayo apite. Kuseri kwa katani Tiwo anafunsa ngati nayenso apita.

Mvula inakula, Ennie nkulephera kutuluka. Anakhala onse m'chipinda chimodzicho, maondo pafupi kugundana, aliyense akuyang'ana kwake.

"Muzimupasa bonongwe na nyemba," anatero Virginia patapita nthawi. "Sakonda vamafuta maningi."

"Nalera bana sikisi, mayi. Musaniphunzise."

Pawindo panagogoda mayi wina wofunda pulasitiki kumutu, kufunsa ngati pa makala amene Virginia ankagulitsa alipo ouma. Virginia anadzuka, nakoka thumba kuseri kwa chitseko, nayamba kusankha.